Musatenge ngongole ya sofa chifukwa cha pakamwa pa anthu

Sabata ino ndalandira imelo ya mayi wina amene wangolowa kumene m'banja ndipo akuchita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Area 25. Akuti azilamu ake atabwera kudzacheza ananena kuti pabalaza pakuoneka ngati sipakhala anthu, ndiye akufunsa ngati atenge ndalama ku banki m'khonde kuti agule sofa yaikulu ndi disipule, poti alandilodi anakana zopenta.

Achemwali, funso lanuli landikhudza kwambiri moti sinditha kuliyankha mwachidule.

Ine ndinakulira kwa azakhali anga ku Ndirande. Pabalaza pawo panali pang'ono zedi koma panali sofa ya anthu 6, tebulo lagalasi pakati, disipule yodzaza mbale ndi matambula zomwe sitinadyerepo olo pa Khirisimasi, maluwa apulasitiki pamwamba pa TV, tinsalu toluka pampando uliwonse, kukhoma makalendala akalekale osachotsa. Kuti upite kukhitchini umayenda chammbali, bondo n'kumagunda kona ya tebulo lija. Ife ana tinkakhala pamkeka chifukwa sofayo inali ya alendo, alendowonso ankangobwera mwa apo ndi apo. Loweruka likakwana ntchito inali yokankha zonsezo kuti tipake polishi wofiira pansi, kenako kupukuta fumbi duwa limodzilimodzi. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi choti ngongole ya sofa ija anaibweza movutikira, ndinkawaona usiku akuwerenga tindalama ta mandasi atatopa, maso ali psuu. Sindikuwanena ayi, ankafuna ulemu ngati wina aliyense, koma nyumba ija ife eni ake sitinapumulemo.

Ndiye ndikunena mosabisa, kudzaza katundu si kukongoletsa nyumba. Ambirife tikagula zinthu timaganiza za maso a mlendo yemwe akhale maola awiri, osaganiza za ife amene tigonemo, tisesemo, tileremo ana. Komanso masofa a leza yabodza akudzaza m'tauniwa ine ndimadana nawo basi. Mu Okutobala ukakhalapo amamata kumsana ndi thukuta, pakangotha zaka zochepa amayamba kusupuka, ndiye munthu ayambe kufunda chitenje pampando womwe sanamalize kulipira.

Chodabwitsa n'choti mipando yoluka ija timaiona ikugulitsidwa m'mbali mwa msewu, ya nsungwi ndi matabwa, imapita ku Joni mpaka ku Ulaya komwe imadziwika ndi dzina la Malawi ndipo amaigula mtengo wokwera. Ife kuno timati ndi yapakhonde, kapena yachimidzi. Chimodzimodzi malichero ndi madengu, anthu akunja amapachika kukhoma nyumba n'kuwala, ife tikuthamangira chithunzi cha mathithi achilendo chapulasitiki. Mbiya ndi makapu a ku Dedza nawo, chimodzi chokha pashelefu chimaposa disipule yonse. Nkhani imeneyi imandikwiyitsa chifukwa amisiri athu ali ndi luso koma timawapeputsa, tikafika n'kumanenerera mtengo mpaka munthu atsale wopanda phindu.

Ndiye muchite chiyani?

Ngongoleyo isiyeni. Yambani mwayeza chipinda ndi tepi musanagule kanthu, ndipo podutsa pazitsala masentimita 80 kapena kuposa. Mpando umodzi wa anthu awiri wopangitsa kwa kalipentala ndi mipando yoluka iwiri zakwana, yolukayo ndi yopepuka, alendo akachuluka mumangosuntha n'kuyala mkeka. Sankhani mitundu itatu basi, wina wofatsa ukhale wochuluka, wachiwiri wocheperapo, wowala kwambiriwo ungooneka pa makushoni, chitenje chimodzi chimatulutsa makushoni angapo kwa telala. Makatani, olo akaunjika, muwapachike m'mwamba pafupi ndi siling'i afike mpaka pansi, chipinda chimaoneka chachitali, ndipo masana muziwatsegula dzuwa lilowe. Babu mugule lolembedwa 2700K kapena 3000K, kuwala kwake n'kofatsa, la 6500K limayeretsa nyumba ngati kuchipatala. Chithunzi chaukwati chikhale mulingo wa maso, pakati pake pafupifupi masentimita 150 kuchokera pansi, osati kudenga kuja timakonda. Mipando isagunde khoma kwenikweni, siyani kampata chifukwa nthawi yadzinja makoma ambiri amagwira chinyezi ndi nkhungu.

Za pentizo, alandilodi ambiri amaopa mitundu yolusa. Bwereraninso mukawauze kuti penti mugula nokha ndipo ndi yoyera kapena ya kirimu, mukawaonetse ndi chitini chomwe.