Mawu a nyimbo za The Lion King sanalembe ndi Elton John

Achemwali, mwafunsa ngati Elton John anapeka yekha nyimbo za mufilimu ya The Lion King, komanso ngati munthu wopanda mawu oimbira angadyere kulemba mawu a nyimbo basi. Mafunso awiri onsewo akuyankhidwa ndi munthu mmodzi, Tim Rice.

Elton John anaika chuni. Mawu analemba ndi Rice, Mngelezi wobadwa mu 1944. Koma mfuu ya Chizulu ija yotsegulira filimu dzuwa likutuluka si ya awiriwa ayi, ndi ya Lebo M wa ku Soweto, ndipo zimandiwawa kuti ambiri samutchula n'komwe.

Rice anayamba ngati kalaliki kwa maloya ku London, kenako analowa ntchito kukampani yojambula nyimbo ya EMI. Mu 1965 analembera kalata kamnyamata ka zaka 17 kodziwa kupeka chuni, Andrew Lloyd Webber. Sewero lawo loyamba palibe analifuna, linakaonetsedwa mu 2005! Chimene chinawatsegulira njira ndi kasewero ka ana asukulu, nkhani ya Yosefe ndi malaya ake, mu 1968.

Kwa ine luso la Rice lagona pa kusankha poimira pofotokoza nkhani. Taonani sewero lawo la nyimbo la Jesus Christ Superstar. Nkhani ya masiku otsiriza a Yesu aliyense amaidziwa, koma iye anaifotokoza kudzera m'maso mwa Yudasi, munthu woopa kuti gulu lakula kwambiri ndipo Aroma awapha onse. Eni ndalama anakana kuliika pa siteji, ndiye anyamatawo anayamba alitulutsa ngati chimbale mu 1970. Chitagulidwa kwambiri ku America, sewero linatsegulidwa ku Broadway, dera la masewero mumzinda wa New York, mu 1971. Mipingo yambiri inakwiya, makamaka poti sewerolo limathera pamtanda osafika pa kuuka, ndipo boma la South Africa linaliletsa. Mukhoza kudana nalo, ambiri a mumpingo mwathu salifuna, koma mawu amene anamupatsa Yudasi ndi olembedwa mwaluso.

Sewero lawo lina, la Evita, nalo linayamba chimodzimodzi. Mu 1973 Rice anamva pawailesi ya m'galimoto pulogalamu yokamba za Eva Perón, mkazi wa pulezidenti wa Argentina amene anamwalira mu 1952 ali ndi zaka 33. Anapita ku Argentina kukafufuza. Chimbale chinatuluka mu 1976, sewero mu 1978. Apanso anaikamo munthu wina, Che, woima pambali n'kumatsutsa zonse zimene mayiyo akunena.

Ku kampani ya mafilimu ya Disney anagwiranso ntchito pa filimu ya Aladdin: Howard Ashman, amene ankalemba mawu a nyimbo zake, anamwalira mu 1991 ntchito isanathe, ndipo Rice anaimaliza ndi wopeka chuni Alan Menken. Mphoto za mafilimu za Oscar Rice ali nazo 3, ya "A Whole New World", ya "Can You Feel the Love Tonight", ndi ya "You Must Love Me" imene Madonna anaimba mufilimu ya Evita mu 1996.

Poti mukufuna ntchitoyi, dziwani kuti imagwiridwa mitundu iwiri. Ndi Lloyd Webber kawirikawiri chuni chinkabwera poyamba, Rice n'kumapanikiza mawu kuti akwane bwinobwino mmene chunicho chikukwerera ndi kutsika. Elton John amafuna mawu kaye papepala, iye n'kukhala pa piyano. Njira yoyambayo ndi yowawa, makamaka m'Chichewa chathu chimene liwu limodzi limatha kudya mzere wonse. Komanso nyimbo ya m'sewero iyenera kusuntha nkhani: ikamatha, woimbayo akhale kuti wasankha kanthu kapena wasintha maganizo.

Za ndalama, wolemba mawu amadya gawo lake nthawi iliyonse nyimbo ikaimbidwa pa siteji, pawailesi kapena ikagulidwa, koma pokhapokha dzina lake litalembedwa. Kwathu kuno pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, mukalembetse, ndipo mugwirizane papepala ndi woimba wanuyo za magawo musanalowe mu situdiyo.