Galu wothandiza safuna satifiketi kuti alowe m'sitolo ku America

Mayi, nkhani yanu yamveka. Mwana wanu amadwala khunyu, ali ndi galu wophunzitsidwa kumuthandiza, ndipo mlonda wa sitolo ina kuno ku America anawabweza pakhomo ati chifukwa analibe pepala la galuyo. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kugula satifiketi zomwe amagulitsa pa intaneti zija. Musagule. Ndalamazo mungotaya, chifukwa unduna wa zachilungamo, Department of Justice, unanena poyera kuti mapepala amenewa sapatsa munthu ufulu uliwonse ndipo suwawerengera ngati umboni.

Lamulo lomwe likumuteteza mwana wanu ndi Americans with Disabilities Act, lomwe ambiri amangoti ADA, la chaka cha 1990. Gawo lachitatu la lamuloli, Title III, ndi lomwe limakhudza masitolo, malo odyera, mahotela ndi mabizinesi ena olandira anthu. Ndondomeko zomwe zinayamba kugwira ntchito pa 15 March 2011 zimati galu wothandiza ndi galu amene anaphunzitsidwa payekha kugwira ntchito inayake yokhudzana ndi ulumali wa mwini wake. Basi. Palibe kaundula wa boma yemwe agalu otere amakakamizidwa kulembetsamo, kajekete kolembedwa sikokakamiza, mtundu wa galu sulowamo, ndipo munthu akhoza kumuphunzitsa yekha galuyo osapita kusukulu ya agalu. Chomwe chimasokoneza ambiri ndi za m'ndege, kumene kuli lamulo lina ndipo kampani ikhoza kukupemphani kudzaza fomu. Zimenezo zimathera kubwalo la ndege komweko, sizifika m'sitolo.

Wogwira ntchito m'sitolo amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha, ndiponso pokhapokha ngati ntchito ya galuyo siikuonekeratu. Loyamba: kodi galuyu ndi wothandiza, wofunika chifukwa cha ulumali? Lachiwiri: anaphunzitsidwa kugwira ntchito yanji? Saloledwa kufunsa dzina la matenda, kupempha kalata ya dokotala, kufuna chiphaso, kapena kunena kuti galuyo aonetse zomwe amachita. Munthu wosaona yemwe galu akumutsogolera sayenera kufunsidwa n'komwe. Koma khunyu silioneka pankhope, ndiye mwana wanu aziyembekezera kuti azifunsidwa kawirikawiri, ndipo asamapse mtima nazo. Mafunso awiriwo ndi ufulu wa sitolo.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa funso lachiwirili. Munthu akayankha kuti "amandikhazika mtima pansi" kapena "ndimamva bwino akakhala pafupi", wadzitsekera yekha chitseko, chifukwa galu wongotonthoza mtima ndi kukhalapo kwake sawerengedwa m'gulu la agalu othandiza pansi pa ADA. Yankho liyenera kutchula chinthu chimene galuyo amachita. Mwachitsanzo: "Ndikagwa amagona pambali panga kunditeteza, kenako amaitana munthu." Kapena: "Amandichenjeza kuti ndikhale pansi ndisanagwe." Chiganizo chimodzi chakwana, ndipo dzina la matenda silikufunika kutuluka. Muyeserere naye kunyumba mpaka azitha kuchinena m'Chingerezi mosadodoma, pakuti pakhomo pa sitolo, anthu ali pamzere kumbuyo ndipo mlonda watambasula dzanja, mawu amathawa. Ngati kuuwa kuli mbali ya ntchito ya galuyo, achinene pomwepo, kuti tsiku lomwe adzauwe pofuna kuitana thandizo asadzaoneke ngati wasokonezeka.

Tsopano mbali yomwe eni agalu sakonda kuimva. Sitolo ili ndi mphamvu yomutulutsa galu pa zifukwa ziwiri: ngati walephera kuugwira mtima ndipo mwini wake sakuchitapo kanthu zooneka, kapena ngati sanaphunzitsidwe kudzithandizira panja. Galu wolumphira makasitomala, wouwa mosalekeza, wothamangira agalu anzake, kapena wokodzera pashelefu, ameneyo lamulo silimuikira kumbuyo ngakhale ataphunzitsidwa ndi akatswiri otani. Kuuwa kamodzi, kapena kuuwa chifukwa wina wamuputa, sikukwana kukhala chifukwa. Ndipo akamutulutsa galuyo, mwana wanu amakhalabe ndi ufulu wogula zinthu zake popanda galu. Pa chifukwa chimenechi, galuyo ayambe wadzithandiza panja asanalowe, ndipo m'chikwama musamasowe timapepala tapulasitiki ndi kansalu kopukutira. Ngozi imachitika ngakhale kwa galu wamwambo, makamaka akatsegula m'mimba, ndipo tsiku loterolo kuli bwino atsale kunyumba.

Galu azikhala pa chingwe kapena m'malamba ake nthawi zonse, kupatula ngati chingwecho chikulepheretsa ntchito yake kapena ulumali wa munthuyo sukumulola kuchigwira. Zikatero, amulamulire ndi mawu kapena zizindikiro. M'sitolo chingwe chachifupi ndiye chabwino. Zija zodzikoka zokha zotalika mamita angapo zimakola miyendo ya anthu m'tinjira ta pakati pa mashelefu, ndipo galu amakhota pakona n'kufika pa nyama mwini wake asanamuone. Musamukweze m'kangolo kogulira zinthu. Sitolo siikakamizidwa kulola zimenezo. Galu aziyenda pansi, kapena anyamulidwe ngati ndi wamng'ono, monga amachitira ena odwala shuga omwe amamuika galu pachifuwa kuti azinunkhiza mpweya wawo.

Mudzamva zifukwa zina zomveka ngati zoona koma zopanda mphamvu. "Muno timagulitsa zakudya, a zaumoyo salola nyama." Malo ogulitsa kapena okonza zakudya ayenera kulola galu wothandiza paliponse pomwe makasitomala amafika, ngakhale malamulo a zaumoyo a m'deralo ataletsa nyama. Kukhitchini ndi kumbuyo kosungira katundu ndi nkhani ina, poti kasitomala aliyense safikako. "Wantchito wathu amaopa agalu", kapena "thupi lake limadana ndi ubweya wa galu." Mantha ndi vuto la thupi lotere si zifukwa zokanizira munthu kulowa; sitolo ipeze njira yowatalikitsa awiriwo. Eni sitolo saloledwanso kumulipiritsa mwana wanu ndalama yapadera chifukwa cha galuyo, kumuuza kuti adikire panja wina akamugulire, kapena kumuika pamzere wakewake. Galu akaononga katundu, akhoza kulipiritsa ngati amalipiritsanso kasitomala wina aliyense amene waononga. Ndipo antchito alibe udindo womugwirira galuyo kapena kumupatsa madzi.

Akadzamukanizanso, asalimbane ndi mlonda. Nthawi zina mlondayo ndi wa kampani ina yolembedwa ganyu, anangouzidwa kuti "agalu ayi", ndipo alibe mphamvu yosintha kanthu. Apemphe manijala, anene modekha kuti uyu ndi galu wothandiza pansi pa ADA, atchule ntchito yake, n'kudikira. Zimathandiza kukhala ndi tsamba la mafunso ndi mayankho a agalu othandiza la pa ADA.gov, losindikiza kapena pafoni, osati ngati chiphaso koma kuti manijala awerenge yekha. Akakanabe, achoke mwamtendere, koma asanafike kunyumba alembe tsiku, nthawi, adiresi ya sitolo, udindo wa amene anamukaniza, mawu enieni omwe ananena, ndi wina aliyense amene anaona. Akagona osalemba, mawu enieniwo amasanduka "anangoti sizingatheke", ndipo dandaulo lotero silipita patali.

Kalata yoyamba ipite kulikulu la kampani ya sitoloyo. Nthawi zina nkhani imathera pomwepo, apepesa n'kuphunzitsa antchito awo. Ikapanda kuyankhidwa, dandaulo limaperekedwa ku Department of Justice kudzera pa ADA.gov, ndipo nambala yaulere yofunsira ndi 800-514-0301. Dziwani kuti undunawu sufufuza dandaulo lililonse, ndipo ena amatumizidwa kwa mkhalapakati kuti mbali ziwirizo zikambirane, mosalipira. Mukasuma nokha kukhoti pansi pa Title III, woweruza akhoza kulamula sitolo kusintha machitidwe ake ndi kulipira loya wanu, koma chipepeso cha ndalama simulandira. Apa ndiye pofunika kuona lamulo la chigawo chomwe mukukhala. Ku California, mwachitsanzo, Unruh Civil Rights Act imapereka ndalama zosachepera $4,000 pa kusalidwa kotere. Chigawo chomwecho chimalanganso wonamizira kuti galu wake ndi wothandiza: chindapusa chofika $1,000, kapena kukhala kundende mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kapena zonse ziwiri.

Pali ziwiri zoti muone msanga. Simunanene ngati galuyo anamaliza maphunziro ake. ADA siiteteza galu amene akuphunzirabe, ngakhale zigawo zina zimamulola kulowa ndi womuphunzitsa, ndiye fufuzani za kwanuko musanapite naye m'sitolo. Chachiwiri, katemera wa chiwewe ndi laisensi ya galu ya mumzinda wanu, ngati imafunika kwa agalu onse, imamukhudzanso iyeyu. Sitolo singapemphe mapepala amenewa pakhomo, koma akhale atsopano, chifukwa galuyo akadzakanda kapena kuluma munthu, ndi oyamba omwe adzafunsidwe.