Mukufunsa za bokosi ndi alamu, koma njinga yanuyo imagona kuti?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25, akuti agula njinga yamoto yawo yoyamba, Lifo, atasonkha nthawi yaitali ku banki mkhonde, masana amagawa katundu m'magolosale, madzulo amapangako kabaza pang'ono. Ndalama yatsala yochepa, nde akufunsa kuti bokosi la kumbuyo lija ndi alamu yotchipa angazipeze kuti.

Achimwene, choyamba mwachita bwino, kugula njinga yamoto masiku ano si masewera. Koma imelo yanu yandiyabwa penapake. Mwafotokoza kuti bokosi mukufuna lakuda, lokhala ndi kofiira konyezimira kumbuyo, alamu ikhale ya rimoti yolira kawiri mukadina, zonsezi mwalemba bwinobwino, koma imelo yonseyi simunanene n'kamodzi komwe kuti njingayo usiku imagona pati. Ndipo ine nkhani imeneyi imandipweteka chifukwa ya alamu anga (alamu a banja, amuna a chemwali anga aakulu) ndinaionera pafupi kwambiri.

Iwo aja anagulitsa soya ndi mtedza wa chaka chonse nkugula Boxer, yogwirapo kale ntchito koma yabwino ndithu, injini yolira mofatsa. Mwezi woyamba womwewo njinga ija inasanduka mkwatibwi. Magetsi a buluu pansi pa thanki, kasipika pa handulo, mpando anauveka chikopa cha mphonje, bokosi kumbuyo, ndi alamu imene inkalira mpaka agalu a mzere wonse kuyamba kuuwa. Akafika pamaliro kapena pa chinkhoswe ankaimika pakati pa anthu dala nkudina rimoti, tswii tswii, aliyense atembenuke. Loko yake inali kachingwe kaja kokutidwa ndi pulasitiki, ka njinga yakapalasa, kamene mwana wa Fomu 2 akhoza kudula ndi pulayazi ali pa foni. Nditawafunsa anati aaa alamu ilipo, munthu akangoikhudza mudzi wonse udzuka.

Mudzi unkadzukadi, koma masabata oyamba okha. Alamu zotchipazi zimalira ndi chilichonse, mphaka akadumphira pa mpando yalira, bingu yalira, lole yadutsa pamsewu yalira, nde anthu oyandikana nawo anafika pongotembenuka pamphasa nkumati njinga ya ujeni yayambanso. Kenako inayamba kudya batire, m'mawa njinga osalira mpaka kukankha, basi usiku anayamba kumaizimitsa. Chemwali anga nawo anakana kuti njinga izilowa pabalaza, akuti fungo la petulo likuwadwalitsa mutu, ana akutsokomola, oyilo akudontha pa simenti yawo yopaka kobra. Nde inkagona pakhonde. Usiku wina wa Januwale kunagwa chimvula chija chimene pa malata simumvana ndi munthu amene mwagona naye chipinda chimodzi, m'mawa pakhonde panali kachingwe kodulidwa ndi mapazi a anthu m'matope. Sanailize nkomwe, anangoikankha, mwinanso kuinyamula kumene, poti njinga ngati zimenezi zimangopitirira makilo 100 pang'ono, anyamata atatu amaikweza pa pikapu ngati matumba awiri a feteleza.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinabwera pambuyo. Popita kukanena kupolisi anafunsidwa nambala ya injini ndi ya chasisi, alamu anga kukamwa yasa. Pepala limene anali nalo linali kalata ya pamanja yolembedwa ndi wogulitsa pa tsamba la kope, yakuti ine uje ndagulitsa njinga yofiira kwa uje. Njinga zofiira m'Malawi muno zilipo zingati? Ndiye poti mtima unali utasweka, anthu anawanamiza zopita kwa sing'anga wina amene amati amabweza katundu wobedwa, wakubayo azidzayenda yekha atasenza njinga mpaka pakhomo. Anapereka ndalama, nkhuku, kenako ndalama zina zoti mankhwala akhwime. Zimene zinapita kumeneko zikanagula tcheni chenicheni, loko, ndi thumba la simenti. Mpaka lero tikudikirabe munthu wosenza njinga uja, ndipo m'banjamo nkhani ya pakhonde siitchulidwa, ikangotchulidwa nsima imazizira.

Nde mundikhululukire ngati ndikulankhula mokalipa, koma alamu yotchipa ndi chidole. Ndanena. Mukhoza kudzaigula tsiku lina ndalama ikachuluka kuti muzisangalatsa ana, koma siteteza njinga.

Za bokosi nazo ndili nazo mawu. Ife vuto lathu timaonera kwambiri azungu aja amadutsa pa M1 ndi ma BMW akuluakulu, mabokosi a aluminiyamu mbali zonse, akupita kunyanja kapena ku Tanzania, komanso pa YouTube, basi mtima umafuna kuti ka Lifo kathu kaoneke choncho. Iwo aja bokosi limodzi mtengo wake mwina kuposa njinga yanu yonse, ndipo anyamulamo zovala ndi kamera, sanyamula mabelo a sugar kapena makatoni a sopo. Amene timagula ifewa ndi apulasitiki yopyapyala, amamangidwa pa kambale ndi timabawuti tinayi, mukayenda nawo mu msewu wa fumbi wa mabampu aja ang'onoang'ono amayamba kulira kwekwekwe, kenako mng'alu pansi, kenako tsiku lina mukutembenuka mupeza bokosi linatsala kalekale ku Mitundu. Dzuwa lathu la Okutobala nalo limaumitsa pulasitiki mpaka kumathetheka. Kaloko kake ndi koseketsa, sikuludiraiva imatsegula. Ndipo bokosi lokhoma limauza wakuba kuti muno muli kanthu, pamene thumba la saka lakuda ndi fumbi palibe amene amaliyang'ana kawiri.

Komanso taganizani ntchito yanu. Mwati mumagawa katundu. Bokosi likakhala pa kaliyala ndiye kuti malo onse onyamulira atha, katoni muika pati? Madzulo kasitomala wa kabaza ali ndi thumba la ufa, aliika pamutu? Mukhala mwalipira ndalama kuti njinga izinyamula zochepa.

Ndipo zinthu zonsezi ndi zochokera kunja, zimagulidwa ndi dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuyambira pamenepo chilichonse chobwera pa kontena mtengo wake umasintha ngati nyengo, n'chifukwa chake mitengo sindilemba pano, mukawerenga mawa mudzanditcha wabodza. Pamene chitsulo cha pa sikirapu, chubu chakutha, ndi luso la mnyamata wowotcherera ku Mchesi kapena ku Ndirande, zimenezo ndi zathu zomwe, zimakwera inde koma mukhoza kunenerera. Tayang'anani anthu a makala amene amatsika ndi njinga zakapalasa m'bandakucha, matumba atatu anayi ataunjikidwa kuposa mutu wawo, palibe bokosi, palibe chingwe cha mushopu, ndi malegeni ndi timitengo basi, ndipo thumba siligwa. Anthu amenewa ndi amene ayenera kutiphunzitsa kumanga katundu, osati YouTube.

Za katundu

Pitani kwa owotcherera akukuzireni kaliyala, ya chitsulo cha paipi kapena angle iron, koma iwotchereredwe payokha nkumangidwa ndi mabawuti pamalo pamene pali kale mabowo, musalole kuti awotcherere pa fulemu ya njinga penipeni, kutentha kumafooketsa chitsulo ndipo fulemu ikathyoka mwalira. Akamawotcherera chilichonse chili panjinga, chotsani kaye waya wa batire. Auzeni aike tingowe m'mbali tokolekapo malegeni, ndi kachitsulo kotchinga mbali ya ekizosi, chifukwa thumba likakhudza ekizosi limasungunuka, ndipo nsonga ya legeni kapena chitenje cha kasitomala chikalowa mu sipoko kapena mu tcheni ndi ngozi yoopsa. Isatalike kwambiri kumbuyo, katundu wolemera akakhala kuseri kwa tayala lakumbuyo kutsogolo kumapepuka, handulo imayamba kuvina. Zolemera pansi ndi pafupi ndi msana wanu, zopepuka pamwamba.

Malegeni kadulitseni kwa okonza matayala, chubu cha galimoto kapena cha lole ndi chabwino kuposa zingwe zokhala ndi ngowe za mushopu zija, zimene zikaduka zimakumenya m'diso. Ngati mukufunadi cha m'mbali, zigubu ziwiri za malita 20 zija za mafuta ophikira, kudula pamwamba, kutsuka, kumangirira mbali iyi ndi iyo, mvula silowa pansi ndipo chikasweka simudandaula. Za mapepala, foni ndi ndalama gulani chikwama cha kumsana pa kaunjika, muone zipi yokha ngati ili yamoyo, mkati muike jumbo yokhuthala, ndipo chimenecho chimatsika nanu paliponse. Nyengo ya mvula kachidutswa ka tenti ya lole, telala akusokereni m'mphepete, kamakwana.

Za loko

Apa pokha ndi pamene sindikufuna muumire. Ndalama yonse mwapulumutsa pa bokosi ndi alamu ipite pa tcheni ndi loko. Tcheni chikhale chokhuthala, mamilimita 10 kupita m'mwamba, cholimbitsidwa, ku hadiweya muziti mukufuna hardened, ndipo njira yoyesera ndi yosavuta, pemphani fayilo mukwecheko pang'ono, ikamadya mosavuta chisiyeni, chimenecho ndi chomangira galu. Loko nayo ikhale yolemera m'manja, yoti kakhosi kake kabisike, osati timaloko tagolide ta pa sutikesi. Tcheni chabwino ndi loko yachabe ndi chimodzimodzi osakhoma. Muchiveke chubu cha njinga yakapalasa kuti chisakande penti.

Musathamangire disc lock, kaloko kokoleka pa disiki ya mabuleki, musanayang'ane tayala lanu, njinga zambiri za kabazazi mabuleki ake ndi a dramu, palibe disiki yoti mukolekepo, anthu amagula nkukazindikira kunyumba. Ndipo ngakhale ikwane, siletsa anthu kunyamula njinga. Loko ya handulo ija nayo musaidalire, amaithyola ndi mwendo kamodzi. Tcheni chidutse mu fulemu kapena tayala lakumbuyo, lakutsogolo amangomasula nati nkukusiyirani tayala lanulo, ndipo chimangiriridwe ku chinthu chosasuntha, mzati, mtengo, chitsulo cha geti. Chisagone pansi, chikagona pa simenti amachiphwanya ndi hamala mosavuta.

Kunyumba, njinga ilowe m'nyumba. Mayi akunyumba akadandaula za fungo, tsekani kampopi ka petulo, dikirani injini izizire, yalani katoni pansi, ndipo mbaula isayandikire. Ngati n'zosatheka ndithu, lankhulani ndi alandilodi mukumbe kadzenje pakhonde, muikemo chitsulo chopinda ngati U ndi simenti, muzikhomera pamenepo. Kwa makaniko amene mumamudziwa bwino, osati aliyense wa pamsewu, muikitse kaswitchi kobisika kodula moto wopita ku pulagi, ndi waya ndi kaswitchi chabe, ndalama yake ndi yochepa kwambiri, wakuba akathyola poika kiyi azingoponda kiki osalira. Pamene mwabisa pakhale pa inu ndi makanikoyo basi, anzanu a pa siteji asadziwe.

Tracker, kachipangizo kolozera kumene kuli njinga, ena amaitama, ndipo imathandizadi, koma imafuna simu ya Airtel kapena TNM yokhala ndi bandulo nthawi zonse, imadya batire pang'onopang'ono, kumene kulibe netiweki imangokhala chete, ndipo njinga zambiri zobedwa sizichedwa kuphwasulidwa nkugulitsidwa ngati masipeya, zina zimawoloka malire poti ku Dedza ndi ku Ntcheu Mozambique ili tsidya la msewu chabe. Mukadzaika, ikakulozerani kumene kuli njinga musapiteko nokha ndi anzanu, tengani apolisi.

Lero lomwe, musanagone, jambulani nambala ya injini ndi ya chasisi, njinga yonse mbali zonse ndi zipsera zake, mudzitumizire pa WhatsApp ndi kwa m'bale wina. Ndi zaulere. Ndipo kalembetseni ku Road Traffic, ndikudziwa anthu ambiri a kabaza amazemba chifukwa cha ndalama, koma njinga yopanda nambala ikabedwa, ngakhale ipezeke mudzaonetsa chani kuti ndi yanu? Inshuwalansi ya third party dziwaninso kuti silipira njinga ikabedwa, imeneyo ndi ya anthu amene mwawagunda, yolipira kuba ndi comprehensive ndipo ndi yodula.

China chimene palibe loko ingakuthandizeni ndi kabaza wa usiku amene mwatchulayu. Anyamata ambiri alandidwa njinga ali pamwamba pake, ena avulazidwa ndi zikwanje, ena tinawaika m'manda, ndipo kachitidwe kake ndi kamodzimodzi, kasitomala wovala bwino, sanenerera mtengo, akuti tipite chakuuko pang'ono, pofika kumdima anzake akudikira, kapena akuti imani ndagwetsa foni. Munthu wosamudziwa amene akulipira mowolowa manja usiku kupita kumalo kopanda nyumba, mukaneni, ngakhale tsikulo simunapange kanthu. Dziikireni ola lowerukira. Ndipo zikakuchitikirani musalimbane nawo, asiyireni njingayo.

Nde funso lanu lenileni lija, kuti mugule kuti. Bokosi musagule, alamu musagule. Tcheni ndi loko ku hadiweya za ku Area 2 kapena Malangalanga, yendani mashopu angapo musanatulutse ndalama ndipo fayilo ija musaiwale, kaliyala ku Mchesi, chikwama pa kaunjika ku Tsoka, malegeni kwa aliyense womata matayala. Ikatsalako, helemeti yachiwiri ya kasitomala.