Ana a mimba imodzi, mankhwala amodzi, koma wina ankadzandira: yankho kwa mayi wa ku Domwe

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Domwe, kuno ku Angónia. Dzina lawo sinditchula, koma nkhani yawo ndi iyi. Akulera ana awiri a malemu alongo awo, mnyamata ndi mtsikana, ndipo onse amamwa ma ARV. Zaka zingapo zapitazo, anawa akumwa mankhwala okhala ndi efavirenz, mtsikanayo analibe vuto lililonse, koma mnyamatayo ankadzandira ngati wamwa mowa, usiku n'kumalota zoopsa mpaka kukuwa. Pamudzi anthu anayamba kulozana zala, nkhani ya ufiti inabuka. Kuchipatala atawasinthira mankhwala, zonse zinatheratu. Funso lawo lachiwiri likukhudza khanda lawo la miyezi isanu. Apongozi awo amati likatentha thupi palibe chifukwa chotayira ndalama pa njinga yamoto, angobenthula piritsi la munthu wamkulu pakati, poti mwana ndi munthu yemweyo, kungoti ngwamng'ono. Anamaliza ndi mawu akuti, "Kodi apongozi akunena zoona? Nanga mwana wa alongo angayu chinali chiyani?"

Mayi, ndiyamba ndi khandalo, chifukwa thupi likhoza kutentha usiku uno.

Mankhwala akalowa m'thupi sakhalamo mpaka kalekale. Chiwindi chimawaphwanya, impso n'kuwatulutsa kudzera mumkodzo. Ganizirani chigayo. Mukathira chimanga mofanana ndi mphamvu ya chigayocho, ufa umatuluka bwinobwino. Mukathira chambiri pamene chigayo n'chofooka, chimatsamwa. Chiwindi chili ndi antchito ake ogaya mankhwala, amene madokotala amawatchula kuti ma enzyme, ndipo khanda limabadwa ambiri mwa antchitowa asanayambe ntchito. Ena amadzuka m'masiku oyamba, ena pakapita miyezi. Impso nazo zimafika pa mphamvu yofanana ndi ya wamkulu mwana akamakwanitsa chaka.

Zimenezi anthu anaziphunzira ndi misozi. M'chaka cha 1959, madokotala a ku America analemba za makanda amene ankamwalira atapatsidwa chloramphenicol, mankhwala abwino ndithu opha tizilombo. Mwana ankasiya kuyamwa, mimba n'kutupa, khungu n'kutuwa ngati phulusa. Mlingo ankauwerengera potengera kulemera kokha, ngati mmene ankachitira ndi ana okulirapo, osadziwa kuti chiwindi cha khanda sichinayambe kugaya mankhwalawo. Ankangounjikana m'magazi mpaka mtima kulephera. Chitsanzo china ndi caffeine, yemwe amapezeka mu khofi ndi tiyi, amenenso amapatsidwa kwa ana obadwa masiku asanakwane kuti asaiwale kupuma. Kwa inu ndi ine, theka la caffeine limachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 5. Kwa mwana wongobadwa kumene pamatenga masiku atatu kapena anayi.

Tsono tiyeni tiwerengere piritsi la apongozi. Paracetamol wa akuluakulu amakhala 500 mg. Mlingo wa mwana ndi 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Ngati khanda lanu likulemera makilogalamu 7, lisapitirire 105 mg nthawi imodzi. Theka la piritsi lija ndi 250 mg, kuposa kawiri mlingo woyenera. Ndipo mwana akapanda kuzizira, mtima wa mayi umati ndimupatsenso, kenako ndimupatsenso, ndiye chiwindi chimavulala mwakachetechete. Aspirin ndiye musamuyandikize n'komwe kwa mwana wotentha thupi. Koma chimene ndimaopa kwambiri n'chakuti paracetamol amangoziziritsa thupi, pamene malungo kapena chibayo zikupitirira kudya mwana m'kati.

Pano pali chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Mwana akayamba kuyenda, chigayo chija chimasanduka chothamanga kuposa cha bambo ake. Chiwindi chake n'chachikulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo mankhwala ambiri amatuluka msanga. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la WHO linanena kuti jakisoni wa artesunate, wa malungo aakulu, aziperekedwa 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosafika makilogalamu 20, pamene wamkulu amalandira 2.4 mg. Mwana akulandira wochuluka pa kilogalamu kuposa wamkulu! Chimodzimodzinso isoniazid wa chifuwa chachikulu: mu 2010 mlingo wa ana unakwezedwa kuchoka pa 5 kufika pa 10 mg pa kilogalamu, kafukufuku ataonetsa kuti ana ankatsala ndi mankhwala ochepa m'magazi. Ndiye kubenthula piritsi mongoganizira kumalakwa mbali zonse ziwiri. Khanda mulipyolezera, wa zaka zitatu mwina mumupereweza, tizilombo n'kutsala n'kuzolowera mankhwala.

Anamwino akamaika mwana pasikelo asanapereke Coartem, mankhwala a malungo amene anzathu a kutsidya kwa malire amangoti LA, sakukuchedwetsani dala. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ayamwe kapena adye kanthu ka mafuta monga phala lotendera kuti mankhwala alowe bwino. Kwa makanda osafika makilogalamu 5 kunalibe mankhwala awoawo kwa zaka zambiri, mpaka mu 2025 pamene ku Switzerland anavomereza mtundu wa Coartem wopangidwira iwowo, kasakanizidwe kake atakasintha chifukwa cha nkhani yomweyi ya chiwindi chanthete.

Tsopano za mnyamata wa alongo anu. Makolo athu anati m'mimba ndi m'chipala, ndipo pankhaniyi anaona patali. Malangizo opangira antchito a m'chiwindi aja timatengera kwa makolo, mbali imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Malangizowa ndiwo amatchedwa majini. Amene amagaya efavirenz dzina lake ndi CYP2B6, ndipo pali mtundu wake wina umene umagwira ntchito mwaulesi. Ngati mayi ali ndi mbali imodzi yaulesiyi, bambonso imodzi, onse awiri akhoza kukhala osadziwa kanthu, koma pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atenge zonse ziwiri. Mwana wotereyu akamwa mlingo womwe ukumukwana mlongo wake, mankhwala amachuluka m'magazi n'kufika ku ubongo. Zotsatira zake ndi zimene munaziona: chizungulire, kudzandira, maloto oopsa, kusinza m'kalasi. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana kwambiri ndi zimenezi, makamaka poti zinatha mankhwala atasinthidwa. Palibe amene anamulodza mwanayo, ndipo ndikupemphani muwauze achibale amene analozedwa chala aja, chifukwa bala lotere limakhalitsa pamudzi.

Mtundu waulesiwu ndi wofala kwambiri pakati pa ife anthu akuda a kum'mwera kwa Africa kuposa pakati pa azungu, pamene mlingo woyamba wa efavirenz unakhazikitsidwa poyesa makamaka anthu a ku America ndi ku Ulaya. Izi zimandipweteka mtima. Anthu athu ambiri anapirira chizungulire zaka ndi zaka, ena anasiya mankhwala n'kudzudzulidwa kuti ndi osamvera. Mwa amene anathandiza kuulula zimenezi muli katswiri wa kwa aneba athu ku Zimbabwe, Collen Masimirembwa. Iye ndi anzake anafufuza za efavirenz pakati pa odwala a kwawo, ndipo kale mu 1996 anali atapeza mtundu wina wa jini, CYP2D6*17, wofala mwa anthu akuda, umene umachedwetsa kugaya mankhwala angapo. Lero ana ambiri kuno anawasamutsira ku dolutegravir, mtundu wina wa ma ARV umene sudalira CYP2B6, ndipo ang'onoang'ono ali ndi kapiritsi kawo kosungunula m'madzi.

Majini amathanso kufulumizitsa. Codeine, amene amapezeka m'mankhwala ena a ululu ndi a chifuwa, chiwindi chimamusandutsa morphine. Pali anthu amene amamusandutsa mothamanga kwambiri, ndipo ku Ethiopia anapeza kuti ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse. Ana ena ku America anamwalira ali m'tulo atapatsidwa codeine pambuyo pa opaleshoni ya pakhosi, ndipo mu 2017 dzikolo linaletsa mankhwalawa kwa ana osafika zaka 12. Mabotolo a mankhwala a chifuwa amene amayalidwa padzuwa m'misika ya m'malire muno, ena olembedwa Chipwitikizi, ena Chingerezi, ena zilembo zitafufutika, musamumwetse mwana. Inunso amene mukuyamwitsa, codeine mupeweni, amadutsa mumkaka.

Mwina mukufunsa ngati mungakayezetse majini a ana anu. Kuyeza kumeneku kulipo, koma sikuli m'gulu la zoyeza za tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu za kumudzi, ndipo sindikukulangizani kugulitsa mbatata ya kachewere ya chaka chonse kuti mukakufunefune. Pa mankhwala ambiri a ana, kulemera ndi msinkhu ndizo zimalamula, majini amabwera pambuyo. Komanso kwa khanda majini saonekera kwenikweni, poti ngakhale mwana wotengera chigayo chothamanga amakhala asanachiyatse. Mwana wonyentchera, wotsegula m'mimba kapena amene akumwa mankhwala a TB pamodzi ndi ma ARV nayenso amagaya mosiyana, choncho anamwino auzeni zonse zimene mwana akumwa, ndi zitsamba zomwe, musachite manyazi.

Chimene chinapulumutsa mnyamatayo ndi maso anu ndi pakamwa panu. Munaona, munakanena, ndipo simunamusiyitse ma ARV panokha. Pemphani kuti dzina la efavirenz ndi zimene zinamuchitikira zilembedwe m'khadi lake, kuti akadzakula n'kupita kukagwira ntchito ku Moatize kapena ku Tete, wina asadzamubwezerenso. Kwa mwana aliyense amene wayamba mankhwala atsopano, izi zikaoneka thamangani tsiku lomwelo: zilonda m'kamwa ndi m'maso kapena khungu kusupuka, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, tulo tosadzutsika, kupuma mobanika.

Apongoziwo musakangane nawo, analera ana ambiri pa nthawi imene chipatala chinali kutali kuposa lero. Tsiku la sikelo likubwerali apempheni akuperekezeni. Anamwino akamuyeza mwana, afunseni pamaso pawo kuti paracetamol wamadzi azimwa wochuluka bwanji, ndipo akulembereni m'khadi. Mwezi wamawa mudzafunsenso, chifukwa adzakhala atawonjezera thupi.