Kodi mafilimu akale a anamapopa amaopsabe?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti anayesa kuonera Dracula wa mu 1931, koma anangoseka, kenako tulo tinawagwira. Akufunsa kuti anthu amakonderanji mafilimu a anamapopa a zithunzi zakuda ndi zoyera zokha.

Amayi, kusekako si mlandu. Bela Lugosi, wochokera ku Hungary, yemwe akusewera Dracula mufilimuyi, anali atasewerapo Dracula pa siteji ku New York mu 1927, ndipo zimachita kuonekeratu: amakoka mawu, amatambasula manja ngati akufuna kuti wakhala kumbuyo kwa holo amuone. Theka lachiwiri la filimuyi ndi anthu kumangocheza pabalaza. Ngakhale ine limanditopetsa.

Muyambe ndi Nosferatu, yomwe F. W. Murnau anapanga ku Germany mu 1922. Mawu mulibe, mumawerenga zolembedwa. Max Schreck akusewera namapopa wotchedwa Count Orlok: wadazi, makutu osongoka, mano awiri akutsogolo ngati a khoswe, zala zazitali. Amafika pa sitima yapamadzi ndi mabokosi a maliro odzaza dothi, makoswe akutuluka, mliri nkugwa m'tauni. Magazi simuwaona kwenikweni. Chimene chimakuzizitsani nkhongono ndi chithunzithunzi chake chikukwera masitepe pang'onopang'ono, dzanja likutalika pakhoma kulowera kuchitseko cha mkazi amene akumudikira. Murnau sakudzidzimutsani. Amakuonetsani kuti chinthucho chikubwera, nkukusiyani mudikire.

Filimuyi ikanatheratu. Anaipanga potengera buku la Bram Stoker la mu 1897 lotchedwa Dracula popanda chilolezo, mkazi wamasiye wa Stoker anasuma, ndipo mu 1925 khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe. Ena anapulumuka. Komanso zoti namapopa amafa dzuwa likamuwomba zinatchuka ndi filimu imeneyi. M'buku la Stoker, Dracula amayenda masana bwinobwino.

Mukaikonda, pitirirani ku Vampyr ya Carl Theodor Dreyer, ya mu 1932, momwe kamera imakugonekani m'bokosi la maliro, mukuona kumwamba kudzera pa kawindo akukunyamulani.

Chenjezo limodzi: zochitika zausiku mu Nosferatu anazijambula masana, nkuthira filimuyo utoto wabuluu. Makope ambiri aulere a pa YouTube alibe utotowo, ndiye Orlok amaoneka akungoyenda dzuwa likuswa mtengo. Sakani kope lokonzedwanso, muonere usiku, magetsi mutazimitsa, foni ili kutali.