Za chitsulo chokonzera Peugeot ya agogo ija

Eee, amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu ndalimva, loti kodi malata otsala pa nyumba aja mungazigambire nawo pansi pa Peugeot 404 ya agogo, komanso chitseko chadyeka ndi dzimbiri chija. Ayi ndithu, chonde musayerekeze.

Malata ofolerera nyumba omwe timagula mtauni muno ambiri amakhala a 28 kapena 30 geji (muyeso wa kukhuthala kwa chitsulo), ndiye kuti sakwana ngakhale theka la milimita. Paja pa geji nambala ikamakwera ndiye kuti chitsulo chikupyapyala. Mukangoyandikiza moto, latalo limabooka pomwepo. Chinanso, malata amakutidwa ndi zinki, ndipo utsi woyera umene umatuluka powotcherera umadwalitsa. Munthu usiku umayamba kuzizidwa ndi litsipa ngati wagwidwa malungo.

Galimoto za m'ma 1960 ngati imeneyi, kunja kwake, kaya zitseko, boneti, madigadi, chitsulo chake nthawi zambiri chimakhala pakati pa 0.8 ndi 1 milimita. Ndiye pa chitsekopo mugule 20 geji, yomwe ndi 0.9. Pansi popondapo mapazi ine ndimakonda 18 geji, 1.2 imeneyo, chifukwa pamafunika kulimbako. Chasisi ndi nkhani ina, kumeneko timanena za mamilimita 2 kupita m'tsogolo.

Tsono alipo amene adzakuuzeni kuti ikani chokhuthala kwambiri kuti chisadzadyekenso. Apa ndiye ndimakana kwamtuwagalu, amalume. Mukalumikiza cha mamilimita 2 ndi cha 0.9, moto wokwanira kusungunula chokhuthalacho umapsereza chopyapyalacho. Chitseko chimapindika, kenako mmisiri amangomatapo fila, phala lodzazira mopindika, yambirimbiri kubisa. Ndi mvula yathu ya kuno kunsi kwa phiri, fila ija imang'aluka, madzi n'kulowa, dzimbiri n'kuyambiranso mkati inu muli phee, kunja penti ikuwala.

Musanagule kalikonse, yezani chitsulo cha galimotoyo. Pezani malo omwe sanadyeke, mupale penti mpaka chitsulo chiwale, mudule kachidutswa, mupite nako akakayeze ndi vernier, kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo. Musayeze m'mphepete mwa chitseko, pamenepo chitsulo chinapindidwa ndiye mupeza nambala yabodza. Muyendetsenso maginito thupi lonse. Pomwe akukana kumata, dziwani kuti wina anadzazapo kale fila. Ikanakhala Land Rover yakale bwenzi maginito akukana malo ambiri, poti thupi lake ndi la aluminiyamu, koma Peugeot ndi chitsulo.

Za owotcherera, musapite nayo kwa anyamata opanga mageti ndi mawindo. Ntchito yawo amaitha, koma ndodo zawo zowotcherera za mamilimita 2.5 zimangoboola chitsulo chotere. Pamafunika kuwotcherera ndi gasi kapena ndi makina a MIG, owotcherera ndi waya, wa milimita 0.6, ndipo amadontheza pang'onopang'ono, apa kadontho, uko kadontho, kudikira pazizire. Akatha apake mankhwala oteteza dzimbiri mbali zonse ziwiri, osati kunja kokha.

Aa, ndisaiwale, kunsi kwa chitseko kuli timabowo totulukira madzi. Asatitseke, ndipo mutitokose ndi waya chifukwa pano tiyenera kuti tadzaza matope. Chotsani mphasa ya pansi ija mundijambulire zithunzi, makamaka mbali ya dalaivala ndi pomwe pamangidwa mpando. Loweruka nditsika ku Chinamwali ndi vernier yanga, ndiye musagule chitsulo mpaka tiyezere limodzi.