Kuti makompyuta a ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula azipezana okha

Achimwene, funso lanu ndalimva. Gulu lanu la alimi a thonje lili ndi makompyuta atatu, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso adiresi ya IP (nambala yomwe kompyuta imadziwika nayo pa netiweki) imasintha, database (nkhokwe ya zolembedwa za alimi) n'kusiya kulumikizana mpaka wina akalembenso pamanja. Mukufuna azipezana okha.

Akanakhala pansi pa denga limodzi, pa rauta imodzi, bwenzi nkhani itatha kale. Pali mDNS: kompyuta ikayaka imalengeza pa adiresi 224.0.0.251, khomo (port) 5353, kuti "ndine uje, ndili pano", anzake n'kumva. Pa Linux mumangoika pulogalamu ya Avahi, ndiye m'malo mwa manambala mumalemba dzina ngati ngabu.local. Koma musuzumire rauta yanu. Ine tsiku lina mu Okutobala ndinaswera m'kaofesi ka malata, thukuta lili kamukamu, makina awiri ali patebulo limodzi koma osaonana. Chinali chiyani? Rauta inali itayatsa AP isolation, yomwe imaletsa zipangizo za pa Wi-Fi kulankhulana.

Vuto n'lakuti kulengezako sikudutsa rauta. Ya ku Bangula singamve ya ku Nchalo. Ma database ngati Cassandra amachita zina: kompyuta yatsopano (node) mumaipatsa adiresi ya inzake imodzi kapena ziwiri, zomwe amazitcha seed. Ikangolonjerana nazo, sekondi iliyonse zimauzana kuti ndani alipo, ndani wasowa, nkhani n'kufalikira ngati za pamjigo. Njirayi dzina lake ndi gossip. Mwaonatu, pamafunikabe adiresi imodzi yosasuntha. Poti inu mumadalira bandulo ya pa SIM kadi, yomwe kawirikawiri sikupatsani IP yofikirika kuchokera kunja, lumikizani makinawo ndi Tailscale, pulogalamu yomwe imapanga netiweki yanuyanu kudzera pa intaneti. Kompyuta iliyonse ikhala ndi adiresi yake yokhazikika, ndipo laputopu ya munthu wongodutsa singalowerere m'maina ndi ngongole za alimi.

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa ine si kupezanako ayi, koma kusiyana. Kuno kuchigwa tonse tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinaonanso Freddy mu Malichi 2023, misewu itaduka, magetsi ndi netiweki kulibe. Ma database odalira njira yotchedwa Raft, monga etcd ndi CockroachDB, akakhala atatu amafuna awiri agwirizane asanalembe kanthu. Bangula akatsala yekha, kalaliki amakhala ali ndi mlimi kutsogolo kwake, sola ikugwira bwinobwino, koma makina akukana kulandira ngakhale dzina limodzi. Ndipo imeneyo ndi miyezi yomwe mumalemba ngongole za mankhwala opopera.

Nditakhala ine, ndingaike database ya CouchDB yoima payokha pa ofesi iliyonse, n'kuzilumikiza ndi replication (kukoperana zolembedwa) pa port 5984. Ofesi iliyonse imalemba ngakhale netiweki kulibe, ikabwera zimagawana zomwe zinatsalira. Awiri akasintha cholembedwa chimodzi, CouchDB imasunga zonse ziwiri kuti inu musankhe choona. Kuti mikangano yotereyi ichepe, nambala ya risiti iliyonse iziyamba ndi chilembo cha ofesi yake.

Mukamaliza kulumikiza, zulani rauta ya ku Bangula tsiku lathunthu, alembe alimi khumi, kenako muibwezere n'kuwerenga ku Nchalo ngati afika onse. Yesani zimenezi mvula isanayambe, ndipo mutiuze zomwe mwapeza.